Mbiri ya Mayi Herminia Zaldívar, Amene Ankagwa M'malo mwa Ena

Abambo Mfumu, abale, anansi athu a kuno ku Tacubaya, amayi a chigwirizano cha parishi, ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa: banja landipempha kuti ndiwerenge mbiri ya amayi athu. Ine ndine Nieves Quiroz. Dzina langa la makolo ndi losiyana ndi la malemu, ndipo chifukwa chake muchimva m'mbiri yomweyi. Mundipirire, chifukwa muli zonyansa m'menemu, ndipo eni akewo anandiuza adakali moyo kuti ndisadzazidzoze mafuta onunkhira.

Malemu mayi Herminia Zaldívar Ocaña anabadwa m'chaka cha 1919 pa famu ya ziweto kufupi ndi Sombrerete, m'chigawo cha Zacatecas. Anali mwana wachitatu wa bambo Crescencio Zaldívar, amene ankaweta ndi kuphunzitsa akavalo a mwini famu, ndi mayi Tomasa Ocaña. Sukulu anayambira kwa masisitere, koma analekezera kalasi yachitatu pamene nkhondo ya pakati pa boma ndi mpingo inatseketsa sukuluyo. Zotsalazo anaphunzirira pamsana pa kavalo. Asanathe msinkhu n'komwe ankadumpha pa kavalo ali pa liwiro n'kudzuka akusasa fumbi, opanda fupa lothyoka. Bambo awo ankawakalipira pamaso, koma akakhala ndi anzawo ankadzitama nawo.

M'chaka cha 1938 kuderalo kunafika anthu ojambula kanema ndi malole awo. Ankajambula nkhani ya mkazi wonyamula mfuti wa m'nthawi ya nkhondo youkira boma. Mtsikana amene nkhope yake inkaikidwa pa zikwangwani, Dalia Montalvo, ankaopa kavalo ngakhale womangirira pamtengo. Choncho akuluakulu aja anayamba kufunafuna mwamuna wochepa thupi woti avale siketi n'kukwera kavalo m'malo mwake. Malemu, amene anali atatsamira mpanda akuonerera, anawafunsa kuti: "Mukuvutikiranji kuveka mwamuna siketi, pamene ine ndavala kale yanga?" Anawaseka, koma anawapatsa kavalo. Pofika madzulo kuseka kunali kutatha, ndipo chaka chotsatira malemu anakwera sitima kubwera mumzinda uno wa Mexico kudzayamba ntchito.

Achinyamata amene muli pano mwina simuidziwa ntchitoyo. Mukamaonera kanema wakale, mkazi wokongola akamalankhula, akamalira, akamapsompsonedwa, ameneyo ndi mwini dzina. Koma akamagwa pa kavalo, akamagubuduzika pa masitepe, akamamenyedwa ndi mpando, kamera imakhala patali ndipo nkhope siioneka. Thupi limenelo linali la malemu. Anagwa m'malo mwa akazi otchuka ambiri a nthawi imeneyo, anathyoka nthiti, anaguluka mano a m'mbali, ndipo dzina lawo silinalembedwe pa kanema ndi mmodzi yemwe. Iwo sankadandaula nazo zimenezo. Ntchito ankaikonda, ndipo ankati palibe chokoma ngati kumva holo yonse ikuusa moyo chifukwa cha kugwa kwako.

Kuntchito komweko anapalana ubwenzi ndi Basilisa Quiroz, mayi anga ondibereka. Basilisa anali wa ku Veracruz, anakulira m'gulu loyendayenda lochita zionetsero za pachingwe ndi zomeza moto, ndipo anabwera mumzinda muno ali ndi ine kumsana, mwamuna palibe. Awiriwa ankakhala chipinda chimodzi kuseri kwa msika, ankaitanana achemwali, ndipo pa kanema ankamenyana pafupifupi mwezi uliwonse, chifukwa anthu ankakonda kuona akazi akukokana tsitsi. Akaweruka ankadzolana mankhwala pa mabala amene apatsana, akuseka.

M'chaka cha 1941 malemu anamanga ukwati woyera ndi bambo Fulgencio Arriaga, mmisiri wa matabwa amene ankamanga nyumba zonamizira zojambuliramo kanema. Ambuye anawadalitsa ndi ana awiri, Abelardo ndi Rosaura.

Dziko lathu litalowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, sitima zathu zapamadzi zitamizidwa, kunagwa njala ya makanema ankhondo. Kampani imene malemu ankagwirako, imene dzina lake sindiliipitsira pakamwa pa manda pano, inaganiza zopanga kanema wa akazi a padoko olimbana ndi akazitape achijeremani. Wotsogolera kujambula anali bambo Leandro Urquiza. Chimake cha nkhaniyo chinali ndewu ya akazi awiri m'nyumba yosungiramo katundu imene ikuyaka moto. Malemu analowa m'malo mwa Dalia Montalvo, ngwazi ya nkhaniyo. Mayi anga analowa m'malo mwa kazitape, ndipo anawaveka wigi yoyera ndi diresi la nsalu yonyezimira ija imene imayaka ngati udzu wouma. Munali mu 1943, ine ndili ndi zaka zinayi.

Malemu atanunkhiza mmene petulo anamwazidwira, anapita kwa bambo Urquiza nati: "Bwana, petulo wachuluka, ndipo wigi ija yamatidwa ndi guluu. Tiyeni timunyowetse kaye Basilisa."

Bambo Urquiza anayankha kuti: "Chonyowa sichioneka bwino pa chithunzi. Iwe ntchito yako ndi kumenya. Ukafuna kulamula, ukagule kamera yako."

Mayi anga, pofuna kuzimitsa mkanganowo, anati: "Asiyeni achemwali. Ine kwathu moto ndinkachita kumeza, anthu n'kumandiponyera malalanje. Kamoto aka kandiopse? Inu mungosamala, musandiponde phazi ngati sabata yatha."

Moto atauyatsa, unakwera msanga kuposa mmene ankayembekezera. Unagwira diresi lija kumunsi, n'kuthamangira ku wigi. Mayi anga anathamangira pa chitseko, koma chitsekocho chinali chojambula ndi penti pa thabwa, sichinkatseguka. Malemu anawagwetsa pansi n'kuyamba kuzimitsa motowo ndi manja awo, akuwomba pamsana, pamutu, paliponse pamene lawi linatulukira, akuyesa kuzula wigi imene inali itakanirira pa khungu. Panali amuna amene anaikidwa pambali ndi zidebe zamadzi. Atasuntha kuti athire, bambo Urquiza anakweza dzanja kuwaletsa, nauza wa kamera kuti: "Usaime. Jambula." Amene anathetsa zimenezo ndi bambo Fulgencio. Anabowola khoma la matabwa ndi nkhwangwa kuchokera kuseri, nafunditsa akazi awiriwo lona yonyowa.

Mayi anga anakhala masiku ochepa m'chipatala. Malemu anagonekedwa pa bedi loyandikana nalo, manja onse awiri atakulungidwa. Mawu omaliza omveka amene mayi anga ananena anali akuti: "Achemwali, kamwana kanga kasapite ku nyumba ya ana amasiye." Malemu atatuluka m'chipatala anadzanditenga kwa mayi woyandikana nafe nyumba amene ankandisunga. Sankatha kundinyamula chifukwa cha mabala, choncho anandiuza kuti ndigwire siketi yawo, ndipo tinayenda choncho mpaka kwawo. Kuyambira tsiku limenelo sindinamvepo m'nyumbamo mawu oti mwana wa eni.

Tsopano mumve zimene anthu olemekezeka anachita. Kampani inauza apolisi kuti Basilisa Quiroz anali ataledzera, ndipo nkhani inathera pomwepo. Zithunzi za moto zija sanazitaye. Anaziika mu kanema monga mmene zinalili, n'kuwonjezera nyimbo ya malipenga. Munthu woonera amaona ngwazi ya dziko lathu ikumenya kazitape wachijeremani amene akupsa. Olemba nyuzipepala anayamikira kuti moto wotere sunaonekepo pa kanema, kuti kukuwa kwa mkaziyo kukumveka ngati kwenikweni. Bambo Urquiza analandira mphoto. Dalia Montalvo, amene tsiku la motolo anali kunyumba kwake akupakidwa utoto m'zikhadabo, anajambulitsa atamanga bandeji pa dzanja, nauza atolankhani kuti anapsa potumikira dziko lake.

Tsiku loyamba kuonetsa kanemayo malemu anapita, atavala diresi lawo la ukwati chifukwa linali lokhalo loyenera pamalo otero. Atafika pa motopo, anthu ovala masuti ndi mikanda ya golide anaimirira kuwomba m'manja. Malemu anakwera pampando nanena mokweza kuti: "Mukuwombera m'manja maliro. Uyo si Mjeremani, ndi Basilisa Quiroz wa ku Veracruz, ndipo akufa zenizeni." Alonda anawakokera kunja ngati thumba la makala. Mawa lake nyuzipepala ina inalemba mzere umodzi, kuti mkazi wina wamisala anasokoneza mwambo.

Malemu sanaitanidwenso ku ntchito ya kanema kulikonse mumzinda muno. Bambo Fulgencio nawonso anachotsedwa, mlandu wawo kuwononga khoma la kampani. Munthu wina wa kukampaniko anabwera kunyumba kudzanena kuti onse awiri angabwerere ngati malemu atapepesa pamaso pa bambo Urquiza. Malemu anali akuphunzira kugwira supuni ndi zala zawo zokwinyika. Anamuyang'ana munthuyo nati: "Mukawauze kuti kugwa ndimagwa, ndi ntchito yanga. Kugwada ndimagwadira Mulungu." Bambo Fulgencio anamuperekeza mlendoyo mpaka pakhomo, namuuza kuti: "Chitseko ichi ndi chenicheni, achimwene. Chimatseguka, chimatsekekanso." Kuyambira pamenepo anayamba kupala zitseko ndi mabokosi a maliro, ndipo anagwira ntchito imeneyo mpaka pamene anatisiya mu 1974.

Malemu anayamba kuphika tamales, chakudya chathu chija cha chimanga chokulunga m'makoko, n'kumagulitsa pakona pa msika. Ambiri mwa inu munawadziwira pamenepo, ndipo mukukumbukira kuti wogula akayang'anitsitsa manja awo ankamuuza kuti: "Ndi oyera, bambo, anachita kuwiritsidwa." Ndi malonda amenewo anatiphunzitsa tonse atatu. Abelardo ndi makaniko, Rosaura ndi namwino, ine ndinakhala mphunzitsi.

Za imfa ya mayi anga sanandibisire. Koma nditafika zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kanema uja anabwereranso m'holo ya m'dera lathu lino, ndipo anzanga akusukulu ankamukamba. Malemu anandiuza kuti: "Vala nsapato. Ukawaone amayi ako ndi maso ako, ine ndili pambali pako, kusiyana n'kuti ukawaone ndi anthu oseka." Tinakhala kumbuyo. Holo inali yodzaza, anthu akutafuna mbuluuli. Moto utayamba, anandigwira dzanja n'kumandinong'oneza kuti: "Manja awo ndi anga. Sindikumenya, mwanangu, ndikuzimitsa. Yang'ana bwino, sindikumenya." Kutsogolo kwathu mnyamata wina ankaimba likhweru, mkazi wina akukuwa kuti amuotche mfitiyo. Ndinasanza pansi pomwepo. Malemu anandipukuta ndi mpango wawo, ndipo tinatuluka kanema asanathe.

Moyo wawo wonse anapempha chinthu chimodzi, kuti gawo la motolo lidulidwe, kapena kumayambiriro kwa kanemayo kulembedwe kuti mkazi wina anafera pamenepo, ndi dzina lake. Anapita ku bungwe la ogwira ntchito za kanema, anawauza kuti ogwa m'malo mwa ena sanali mamembala nthawi imeneyo. Anapita kwa maloya, anawauza kuti mlandu unakalamba. Anapita kwa atolankhani, mmodzi anawafunsa ngati Dalia Montalvo analidi wokongola pafupi. Wailesi ya kanema itafika m'nyumba za anthu, kanema uja anayamba kuonetsedwa chaka ndi chaka pa masiku a chikondwerero cha dziko, masana, ana akuonera. Bambo Urquiza atamwalira, maliro awo anaulutsidwa, ndipo pofuna kuonetsa luso lawo anasankha gawo lomwelo.

M'chaka cha 1981 Dalia Montalvo, atakalamba ndiponso akudwala, anatumiza galimoto kudzawatenga malemu. Ndinawaperekeza. Anatilandira m'chipinda chogona, makatani otseka, nalira, nati bandeji ija imamulotetsa zoopsa. Anapempha kuti amukhululukire.

Malemu anati: "Kukhululuka ndinakhululuka kalekale, mayi, apo ayi sindikanamalandira Ukalistia. Koma mawu mwanenawa mukawanene pa wailesi."

Iye anati: "Herminia, ukudziwa kuti sindingathe. Anthu amandikonda chifukwa cha kanema ameneyo. Ukufuna ndife wopanda kanthu?"

Malemu anaimirira nati: "Bodza munalinena pabwalo, pepani mukumunenera kuchipinda. Tiye, Nieves, tikakwere basi." Galimoto ija anaikana.

Pa za mpingo, malemu anali mkhristu wa parishi ino kuyambira pa ukwati wawo. Anali m'chigwirizano cha amayi, ndipo kwa zaka zambiri ankayendera akazi a kundende ndi odwala opsa ndi moto, amene alendo ena amaopa kuwayang'ana. Ankafika n'kuika manja awo pabulangeti kuti wodwalayo awaone, kenaka n'kuyamba kucheza za zina.

Anayamba kudwala chaka chatha, matenda a mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Mwezi wa Seputembala chaka chino cha 1988 anachita sitiroko imene inapha mbali ya kumanja ndi kuwatseka pakamwa, ndipo anagonekedwa m'wodi ya amayi. M'wodimo munali wailesi ya kanema yokhomedwa pakhoma. Pa tsiku la chikondwerero cha dziko ndinapita masana kukawapatsa msuzi. Ndili pa khonde ndinamva malipenga aja, ndipo ndinawazindikira. Nditalowa ndinapeza odwala ndi owadikirira atatembenukira kukhoma, ena akuwomba m'manja pa mabedi. Malemu anali chigonere moyang'anana ndi wailesiyo. Sakanatha kutembenuza khosi, sakanatha kuitana munthu. Misozi inali italowa m'makutu.

Ndinazula chingwe cha magetsi. Wodi yonse inandiukira. Mayi wina wachikulire wa bedi la pawindo, mayi Eduviges Pantoja, anati: "Iwe, wailesiyo ndi ya amako? Pamenepa ndiye pokoma penipeni."

Ndinati: "Wailesi si ya amayi anga, koma amene akupsayo ndi amayi anga. Amene akuzimitsayo ndi awa agona apawa."

Ndinavundukula bulangeti n'kuwaonetsa manja aja, ndipo ndinawafotokozera zimene ndakufotokozeranizi. Mayi Pantoja anati: "Kanema ameneyu ndinaonera ndi malemu amuna anga tili pa chibwenzi. Ndakhala ndikumuwombera m'manja moyo wanga wonse." Kenaka anatsika pabedi, anadzikoka ndi ndodo mpaka pamene panali malemu, nafunsa dzina la womwalirayo. Ndinawauza. Analibwereza, mayi wa bedi lotsatira analibwerezanso, ndipo wina anayambitsa pemphero la akufa, wodi yonse n'kumayankha. Aka kanali koyamba kuti anthu oonera kanema ameneyo amupempherere Basilisa Quiroz. Malemu anamva zonse, ndipo anandifinya chala ndi dzanja lawo lamanzere. Mayi Pantoja ali nafe pano, akhala pa mpando uwo.

Malemu anatisiya Lachiwiri lapitali m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zinayi, atalandira masakramenti.

Dzulo kunyumba ya maliro kunafika nkhata ya maluwa yaikulu ngati gudumu la thirakitala, yochokera ku kampani ija, imene tsopano akuyendetsa ndi adzukulu a eni ake akale. Pa riboni analemba kuti, Kwa ngwazi ya kanema wathu. Amene anaibweretsa anatiuza kuti kanema uja akumukonza kuti atuluke pa matepi oonera kunyumba, moto uoneke bwino kuposa kale, ndipo anapempha chilolezo choti adzajambule mwambo uno kuti akaike kumapeto kwake. Abelardo anamufunsa ngati adzalembe kuti munthu anafera pamotopo. Iye anati zimenezo zingawawononge anthu chisangalalo. Nkhatayo mwaiona polowa, ili kunja kwa geti la manda, pafupi ndi mgolo wa zinyalala. Sitinaiwale, tinaiika dala.

Chimene malemu anapempha sanachilandire. Kanemayo adakalipo, ndipo chaka chamawa adzamuonetsanso. Banja silikukupemphani kuti mukamenyane ndi aliyense. Koma inu amene mwamva lero simungathenso kunena kuti simunkadziwa, ndipo zoti muchite ndi manja anu tsiku limenelo zili kwa inu.

Malemu asiya mchemwali wawo mmodzi, mayi Altagracia Zaldívar, amene ukalamba wawalepheretsa kuchoka ku Sombrerete. Asiya mwana wamwamuna, Abelardo Arriaga, ndi mkazi wake Clotilde. Asiya mwana wamkazi, Rosaura Arriaga, ndi mwamuna wake Nemesio. Asiya adzukulu asanu ndi awiri ndi zidzukulutudzi zitatu. Asiyanso ine, Nieves, amene sanandibereke, ndipo anakana kundisintha dzina kuti la mnzawo lisafe.

Tiwaika pambali pa Basilisa Quiroz, monga anafunira. Ambuye awalandire onse awiri kumene kulibe owonerera, ndipo mzimu wa mayi Herminia uuse mu mtendere wosatha.